Tembenuka Ndikuone

4 Febuluwale

Wokondedwa mng'ono wanga Batani,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumeneko, iwe, alamu ndi amayi. Ine ndinafika, ndili moyo, ngakhale kuzizira kwa kuno kukufuna kundimaliza. Amayi ananditcha Singano chifukwa cha kuonda, koma akanandiona m'majuzi ndaunjikizawa akanandisintha dzina, bwenzi tili a Batani awiri.

Usadabwe kuti ndikulemba kalata ngati munthu wakale. Foni yanga yakana khadi la kuno, ndipo kugula ina akuti mpaka chiphaso changa chokhalira m'dziko muno chituluke. Mapepala adakali ku ofesi. Ndinayesa foni ya pamsewu, koma mumangolankhula mayi wina m'chinenero chawo, kenako n'kudula. Ndiye tabwerera ku positi, m'bale wanga.

Ntchito ndi yochapa nsalu za m'mahotela. Makina ake ndi aakulu moti munthu ungagonemo mwendo uli tambalale. Ine ndimaima kumapeto, kulandira nsalu zoyala pabedi zikadali zotentha, n'kumapinda ndi mayi wina wamtali amene sitimvana ngakhale liwu limodzi. Iye agwira uko, ine uku, timakumana pakati, timagwedezerana mitu, basi tsiku latha.

Chipinda changa chili pamwamba, masitepe ake amalira munthu akamakwera. Muli bedi, tebulo, sinki ndi zenera loyang'ana khoma la nyumba ina. Mayi eni nyumba amakhala pansi. Ndi okalamba, amayenda ndi kagalu kovala juzi, sindikunama. Tsiku lomwe ndinalowa anandilozera kabokosi kakuda kali pakhoma, kothwanima timagetsi tobiriwira, kenako anandipatsa waya ndi kachimbale ka kompyuta. Pa zonse analankhula ndinatolapo liwu limodzi lokha, intaneti. Mtima unangoti myaa, ndinati lero lomwe ndiwaona amayi.

Ndinatulutsa laputopu ija anandikonzera alamu, ndinalumikiza waya, ndinaika kachimbale. Kanazungulira, kanalira ngati njuchi, kenako panatuluka mawu a zilembo zawo zopindikapindika, pansi pake pali podina pamodzi. Ndinadina. Kachimbale kanatuluka kokha ngati mwana wolavula mankhwala. Ndabwereza mpaka chala kuwawa, zomwezomwezo. Uwafunse alamu kuti chikuvuta n'chiyani. Si iwo ankadzitama kuti makinawa angagwire ntchito ngakhale kumwezi?

Tsopano undiuze za maso a amayi. Tsiku lonyamuka ndinaona akukupatsa ulusi kuti uwalowetsere pa singano, ati manja awo anali ndi mafuta. Amayi amenewo, telala wa zaka zonsezi, kugwira nsalu ya kasitomala ndi manja a mafuta? Sindinawakhulupirire. Usandibisire kanthu.

Ndine mkulu wako,
Singano


24 Febuluwale

Achemwali,

Moni wa kuno ndi wambiri. Kalata yanu yafika, ndawawerengera amayi kawiri, kenako andilanda n'kuyamba kuinunkhiza. Ya kagalu kovala juzi ija aseka mpaka kutsokomola, ati kumeneko ndiye kuli ntchito ya utelala.

Mwati ndisakubisireni. Chabwino, khalani pansi. Tinapita nawo kuchipatala cha maso. Dokotala anawaunika ndi timagetsi take, ndipo anatiuza kuti si ng'ala yoti n'kuchotsa ayi. Ndi mtsempha wa diso umene ukufota, ndipo pomwe pafota sipabwereranso. Awapatsa mankhwala odontheza oti angochedwetsa. Diso lamanzere likuona ngati munthu wosuzumira pa kabowo ka kiyi, lamanja lidakalimbako. Ndinamufunsa kuti kwatsala nthawi yaitali bwanji, iye anayamba kukonza mapepala a patebulo pake. Achemwali, ine ndikuopa. Ndikawaona akupapasa kufuna lumo lomwe lili pamaso pawo penipeni, ndimalikankhira pafupi ndi dzanja lawo.

Potuluka kuchipatala ndinangoona amayi akukhotera m'sitolo ya nsalu. Anagwiragwira zonse, mwini sitolo mpaka kutopa, n'kusankha yobiriwira, yolemera bwino. Ati ndi diresi lanu, ndipo likhala lomaliza asanaphimbe makina. Ine ndinati miyeso ya achemwali ndikuidziwa, ndikuuzani. Anandiyankha kuti, "Iwe Batani, unandionapo ndikuzunguliza tepi pa mwana wanga? Tepi ndi ya makasitomala. Wanga ndimamuyang'ana, atembenuke kamodzi, akweze manja, basi ndadula." Mukudziwa kuti sakunama, pa ife sanaphonyepo ngakhale chala chimodzi. Ati munthu akapita kunja thupi limasintha, ndiye sadula mpaka akuoneni.

Alamu anu ali ndi kompyuta ya galasi lalikulu ku shopu kwawo kuja amakonzerako mawayilesi ndi mafoni. Tawayesa amayi, akayandikira amaona ndithu chifukwa limawala. Kwatsala inu. Za kachimbale ati mupukute ndi nsalu yofewa, mwina ndi fumbi. Ine ndikuti funsani anthu kumeneko, safunsa anadya phula. Manyazi anu aja muwasiye kaye. Fulumirani, chonde.

Mng'ono wanu,
Batani


17 Malichi

Batani mng'ono wanga,

Moni nonse. Kalata yako ndaiwerengera pa masitepe. Amayi ali bwanji? Akudontheza mankhwala aja, kapena akuchita makani monga mwa masiku onse?

Ndaikamo chithunzi, ndi chotsala pa zomwe ndinajambulitsa za chiphaso. Ndikudziwa kuti n'chaching'ono, koma uwayesere.

Kachimbale ndapukuta mpaka ndikudzionerapo nkhope. Palibe chasintha. Tsiku lina nditaweruka ndinati lero ndi lero, ndinadina paliponse podinika. Abale inu! Galasi lonse linangoti psuu, pakati pali chizindikiro chachikulu ngati cha pamsewu choletsa kulowa, ndipo laputopu inayamba kulira mokweza, piii, piii, ngati lole yobwerera m'mbuyo. Ndinazula waya, ndinaitseka, ndinaivundikira ndi pilo. Ndinkangoona ngati nyumba yonse yamva ndipo anthu atuluka m'zipinda.

Malangizo ako ndinatsatira. Kuntchito ndinamujambulira mnzanga wamtali uja pa katoni, kabokosi ndi waya wake. Anayang'ana, anamwetulira, n'kukanditengera ayironi. Ndiye ndinalimba mtima, ndinatsikira kwa mayi eni nyumba laputopu ili m'manja, ndinawaonetsa zofiira zija. Anavala magalasi, anawerenga, anandiyang'ana nthawi yaitali, anapukusa mutu. Kenako anatenga foni n'kuyamba kulankhula ndi munthu wina, uku akundiloza ndi chala, uku akuwerenga zilembo za kunsi kwa laputopu. Dzina langa ndinalimva kawiri. Atamaliza anandisisita paphewa, koma nkhope yawo sinandiuze kanthu. Kodi munthu amasisita amene akumuthandiza, kapena amene wamumvera chisoni?

Dzana pobwera kuntchito ndapeza kapepala kachikasu kolowetsedwa pansi pa chitseko. Kali ndi chidindo ndi nambala ya chipinda changa, zina zonse sindingawerenge. Munthu wopanda chiphaso ukaona chidindo, malovu amauma m'kamwa. Uwaonetse alamu kalatayi, andiuze ngati ndalakwitsa penapake.

Uwauze amayi asadule, andidikire. Ndikuyesetsa.

Singano


4 Epulo

Alamu,

Landirani moni wanga. Kuno kulibe chovuta kupatula maso a amayi. Kalatayi ndikulembera ku shopu ndipo mkazi wanga sakudziwa. Mukamayankha, lembani pa adiresi ya shopu.

Ndawerenga za kufiira kuja ndipo thukuta landituluka. Ndinene mosapsatira mawu. Pulogalamu yaikulu imene imayendetsa laputopu yanu sindinagule. Ndinakopera kwa mnzanga, monga timachitira tonse kuno, palibe amafunsa. Koma maiko enawo si kuno ayi. Ine monga munthu wodziwa zinthu zimenezi, ndikuona kuti kachimbale kaja n'kofufuza. Kanunkhiza kuti pulogalamuyo ndi yakuba, ndipo kulira kuja kunali kutumiza uthenga kwa akuluakulu. Kasitomala wanga wina anandiuzapo za mphwake amene anagwidwa pa nkhani ngati yomweyi. Ati anamutsekera, kenako anamukweza ndege atavala patapata. Chaona mnzako chapita, alamu, mawa chili pa iwe.

Ndiye mverani bwino. Laputopuyo musaiyatsenso. Ibiseni pamalo poti munthu sangaganizire. Aliyense wovala yunifolomu akagogoda musatsegule, ngakhale aitane mokoma bwanji. Mayi eni nyumbawo muwapewe, ndi amene anakunenezani. Chiphaso chikatuluka tidzaona chochita.

Batani musamuuze. Pakamwa pake mukupadziwa, akamva auza amayi, ndipo amayi nkhawa ingawadwalitse. Komanso ineyo Batani angandimeze wamoyo.

Pepani kwambiri. Ine ndinkafuna kukuthandizani.

Mlamu wanu


24 Epulo

Alamu,

Moni. Kalata yanu yandipeza ndili kale ndi mantha, yangosonkhezera moto.

Munthuyo alipo, alamu. Ndamuona ndi maso angawa, ndipo wabwera kale kangapo. Ulendo woyamba kumuona linali Loweruka masana, ndikuchapa masokosi m'sinki. Ndinamva masitepe akulira, osati kulira kwa mayi okalamba aja, koma kwa munthu wolemera. Kenako gogogo. Ndinasuzumira pa kabowo ka chitseko. Bambo wamkulu thupi, yunifolomu yotuwa, chipewa, baji pachifuwa, chikwama chakuda m'manja, lamba wodzaza zitsulo. Anaitana dzina langa, molipotoza koma langa ndithu. Ndinaima chilili osapuma, thovu likudontha m'manja, mpope ndikuopa kuutseka kuti angamve kuti muli munthu. Atatopa analowetsa kapepala kena kachikasu, kanadzandigunda chala cha kuphazi. Ndinatsala pang'ono kukuwa.

Ndachita monga mwanenera. Laputopu ndaikulunga m'thawulo, ndaiika m'thumba la zinyalala, pansi pa sinki kuseri kwa ndowa. Ndimatuluka m'mawa nsapato zili m'manja kuti mayi eni nyumba asandimve. Tsiku lina anandidikirira pakhomo ndi kagalu kawo, akukupiza kapepala kachikasu, akulankhula mokweza. Ndinawadutsa chothamanga ngati wamisala, kagalu kakundiuwa. Loweruka lililonse ndimatseka makatani, ndimakhala pansi kuseri kwa bedi, ngakhale kutsokomola ndimatsokomolera m'bulangete.

Chakudya sichikulowa. Siketi ndayamba kumanga ndi pini. Kuntchito chitseko chikangotseguka ndimagwetsa nsalu, kapitawo wandikalipira kale, mnzanga wamtali uja amangondiyang'ana ndi chisoni. Ndikaona galimoto yaima pamsewu wathu, ndimabisala.

Walira mvula walira matope, ndinafuna ndekha kubwera kuno. Koma amayi alakwanji? Ndikangotsinzina ndimawaona atakhala pa makina, nsalu yobiriwira ili pamiyendo, akundidikira. Alamu, palibe njira ina? Ganizani, inu ndi amene mumadziwa.

Kapepala kali m'munsika mudule mumupatse Batani. Sindinathe kulemba zambiri, bodza limandivuta.

Singano

Batani, moni. Ndili bwino, ntchito yachuluka. Za intaneti zavuta, tidikire kaye mpaka chiphaso chituluke. Moni kwa amayi.


13 Meyi

Achemwali,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinaleredwa bwino, koma mtima wanga suli pa moni.

Nthawi yonseyi tikudikira, alamu anu n'kundibweretsera kapepala konga kolandirira mankhwala kuchipatala! "Tidikire kaye." Adikire ndani? Maso a amayi mwawauza kuti adikire? Kodi kunjako kwakukomerani mpaka mwaiwala amene anakusokerani yunifolomu yanu yoyamba ya sukulu? Anthu ayamba kulankhula. Ena akuti mwapeza mwamuna, ena akuti muli ndi pathupi n'chifukwa chake simukufuna kuoneka. Ngati ndi zimenezo nenani, mimba sabisa, ndipo amayi angowonjezera nsalu kutsogolo.

Chithunzi chanu chija anachiyandikiza mpaka kukhudza mphuno, anachitembenuza, n'kundibwezera. Ati, "Ichi ndi sitampa, si mwana wanga. Chithunzi sichitembenuka."

Lamanzere lazima, achemwali. Lazimiratu. Lamanja latsala kabowo kaja. Lachiwiri anathira tiyi pambali pa kapu, tiyi n'kumayenderera patebulo, iwo akumwetulira, akundisimbira nkhani. Ndinapukuta mwakachetechete, ndinakalirira kubafa. Dokotala wati ngati pali chimene akufuna kuona, achione tsopano.

M'mawa uliwonse amavala bwino, amaika nsalu ija, choko ndi lumo m'chikwama, ine n'kuwaperekeza ku shopu. Amakhala pampando kutsogolo kwa galasi lija mpaka dzuwa kupendeka, ati mwina lero. Makasitomala amawalambalala ngati mzati. Alamu anu akangowaona amatuluka thukuta, amagwetsa timisomali, sindikudziwa chawalowa n'chiyani.

Awa ndi mawu awo, andiuza kuti ndilembe monga anenera: "Singano mwanangu, sindikukukakamiza. Ngati pali chimene ukuchita nacho manyazi, ine ndine mayi wako, ndinakuona usanavale kanthu. Ungoima, utembenuke kamodzi, ndikuone. Mbali imodzi kwada kale."

Ine sindiwonjezerapo.

Batani


2 Juni

Batani mng'ono wanga,

Moni. Taonana dzulo pagalasi, koma pali zina zosati n'kunena amayi ali pomwepo, ndiye ndabwereranso ku pepala.

Sindinapeze mwamuna, ndilibe pathupi. Ndinkabisala. Amuna ako anandilembera kuti pulogalamu ya mu laputopu ndi yakuba, kuti kachimbale kaja kandineneza, ndipo wovala yunifolomu akagogoda ndisatsegule. Uwafunse akuuze okha, koma usawaphe. Wovala yunifolomuyo ankabweradi, ine n'kumagona kuseri kwa bedi.

Kalata yako yaukali inafika Lachisanu. Ndinaiwerenga, ndinakhala pansi pafupi ndi sinki pomwe ndinabisa laputopu, ndinalira. Kenako ndinadzifunsa kuti, akandigwira andichita chiyani? Anditsekera, kenako andikweza ndege. Ndege yopita kuti? Kwathu. Ndiye kuti amayi andiona ndithu, ngakhale ndifike ndi unyolo m'manja. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinalongedza chikwama, ndinatulutsa laputopu m'thumba la zinyalala n'kuiika patebulo poonekera. Loweruka ndinavala majuzi onse ndi nsapato zolimba, kuti ine asandikweze ndi patapata, ndinakhala pabedi kudikira.

Masitepe atayamba kulira ndinaimirira. Gogogo. Ndinatsegula, ndinatsinzina, ndinatambasula manja onse awiri kuti amange. Nditaphenya ndinapeza bamboyo akuyang'ana manja anga, kumbuyo kwake kuli mayi eni nyumba ndi kagalu kawo. Anaganizaganiza, kenako anagwira dzanja limodzi n'kundipatsa moni.

Batani, zitsulo za pa lamba zija zinali zomasulira ndi zodulira mawaya. Baji ija inali ndi chizindikiro chomwe chili pa kabokosi ka pakhoma, chimene ndakhala ndikuchiyang'ana tsiku ndi tsiku. Munthu wa kampani ya intaneti! Mayi aja anamuitana kuti adzandithandize, ndipo timapepala tachikasu tija ankasiya posonyeza kuti anabwera koma sanandipeze.

Anayatsa laputopu, anaona kachimbale, anaseka. Anakaloza, analoza laputopu, n'kupingasa zala. Ndinamva bwinobwino popanda liwu, kuti ziwirizi sizigwirizana. Kanapangidwira makompyuta a mtundu wa kuno, yangayi sikaidziwa, ndipo zofiira zija n'zimene zinkanena, basi. Anakaponya m'chikwama chake, analumikiza waya, anatsegula penapake n'kulemba yekha ndi zala mizere iwiri. Mayi eni nyumba anali asanamalize n'komwe kundikalipira m'chinenero chawo, intaneti inali italowa. Miyezi yonseyi, Batani! Ndinaseka, kuseka kunasanduka kulira, mayi aja n'kundikumbatira, ine amene ndinkawathawa ngati ndaona njoka. Nthawi yomweyo ndinatumiza uthenga ku shopu.

Tsopano za dzulo. Unaona wekha. Ndinavula majuzi, ndinatsegula makatani, ndinayatsanso getsi, ndinaima pakati pa chipinda. Amayi anayandikira mpaka ndinkangoona chipumi ndi diso limodzi. "Tembenuka." Ndinatembenuka. "Kweza manja." Ndinakweza. Kenako anati, "Eee, koma ndiye wanenepa mwanangu! Akukudyetsa bwino kumeneko."

Batani, siketi yomwe ndinavala ija ndi yomanga ndi mapini. Mafupa a m'khosi ali poyera. Chibadwire sindinaondepo chonchi. Ndipo awa ndi amayi amene sanaphonyepo chala chimodzi. Ndinakuona kumbuyo kwawo utagwira pakamwa. Ndinayankha kuti, "Eya amayi, ndanenepa," chifukwa ndikanati chiyani?

Undiuze zoona. Anaonako kalikonse, kapena ndinachedwa?

Mkulu wako,
Singano


25 Juni

Achemwali,

Moni, ndipo pepani chifukwa cha kalata ija. Pakamwa panga mukupadziwa. Alamu anu aulula zonse. Sindinawaphe, koma akugona ku shopu ndi mawayilesi awo mpaka mtima wanga utsike.

Mwafunsa ngati anaona. Pobwerera kunyumba tsiku lija ndinawafunsa kuti, amayi, achemwali anavala chiyani? Anati, "Iwe, ndinapita kukaona zovala kapena mwana?" Sindinafunsenso. Titafika anapunthwa pa sitepe ya pakhomo, yomwe aiponda zaka zonsezi.

M'mawa mwake anayala nsalu patebulo. Choko sanachigwire n'komwe. Anayeza ndi zikhatho, akupapasa, akuimba motsitsa, n'kuyamba kudula. Ndinati, amayi, apa mwapatsa kwambiri, achemwali ndi woonda. Anaimitsa lumo. "Wamuona ndani, ine kapena iwe?" Ulusi ndinkawalowetsera ine, koma msoko uliwonse ndi wawo, anakana kuti ndigwire. Anadzibaya chala kangapo, mukaona kadontho ka magazi mkati mwa kolala mudziwe kuti ndi komweko. Atamaliza anapukuta makina, anathira mafuta, anawaphimba ndi nsalu, n'kundipatsa kiyi wa kabati ya ulusi.

Diresi ndi limenelo m'phukusimo. Tsiku lililonse azifunsa ngati lafika, ndikuwadziwa. Ati mukavala muwauze ngati lakukwanani, ndipo musawanamize, chifukwa iwo sanaphonyepo.

Mng'ono wanu,
Batani


16 Julayi

Batani,

Moni nonse. Phukusi lafika. Chiphaso nachonso chatuluka sabata yomweyi, koma imeneyo ndi nkhani yaing'ono.

Ndalivala. Msoko wake ndi wowongoka ngati kale, sindikudziwa amayi anachita bwanji. Mapewa akugwera m'mikono, ndipo m'chiunomu tikhoza kulowamo iwe ndi ine tonse. Ndinatsika kukadziyang'ana pa kalilole wamkulu wa mayi eni nyumba. Iwo anathamangira kukatenga singano ndi ulusi kuti alichepetse, ine ndinawagwira dzanja. Palibe wina amene adzalowetse singano m'diresi limeneli.

Kalatayi ikafika, Lamlungu lake ubwere ndi amayi ku shopu, alamu uwalole atiyatsire galasi. Ndidzalivala, kumbuyo ndidzamanga ndi mapini, ndidzatembenuka mpaka iwo atanena kuti basi. Iwe udzaime pafupi nawo, udzanene mokweza kuti landikwana ndendende, ine ndidzavomera.

Ndipo ndayamba kudya, Batani. Ndikudya ngati wochoka kumunda, m'mawa, masana ndi madzulo, mnzanga wamtali uja mpaka akundigawira chake. Amayi sanaphonyepo muyeso wa mwana wawo, ndipo sayambira pa ine. Ndipatseni miyezi ingapo, lidzandikwana.

Ndine mkulu wako,
Singano